Khutu Lamanzere la Atate

Ntchito yanga ndi yoika nyimbo m'mafoni a anthu pa kashopu kathu pafupi ndi msika wa Kafue. Ambiri amafuna za kutchalitchi ndi zovina, ndipo ndimazidziwa ngakhale nditatsinzina. Tsiku lina kunabwera mwamuna wa ku Lusaka, wa tsitsi lalitali, amene minibasi yake inafera m'tauni mwathu. Anafuna ndimusamutsire chimbale cha gulu lina lakunja kuchoka m'foni yakale kupita m'yatsopano. Anati nyimbozo amazitcha progressive metal.

Atachoka ndinamvetserako, chifukwa zinatsalira m'kompyuta. Nyimbo yoyamba inayamba ndi gitala wodekha, woti mungagonekere mwana. Kenaka ng'oma zinagwa ngati matalala padenga la malata, woimba amene ankalira mokoma n'kuyamba kubangula. Ukati uombe m'manja, kayendedwe kasintha kale. Ukati waipeza, yakhotanso. Nyimbo imodzi inali yaitali kuposa ulendo wa pansi wochoka kwathu kufika kumsika, ndipo inkalowa mu inzake popanda kupuma. Ndinati anthu ena ali ndi nthawi yotaya, n'kutseka.

Sabata yomweyo ndinaikira atate nyimbo za kwaya m'foni mwawo. Ndi changu changa ndinakokera zonse pamodzi, chimbale chija n'kulowa nawo.

Atate anagwira ntchito yoyendetsa makina pa fakitale ina ku dera la Industrial mpaka kupuma. Ankapatsidwa zotseka m'makutu, koma ankazichotsa, ati makina ukawatsekera khutu sudziwa pamene ayamba kudwala. Khutu lamanja linafa asanapume. Lamanzere linatsala pang'ono, loti ulankhule mokuwa uli pafupi. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. Alendo akawafunsa za mwendo, iwo ankayankha za mvula, anthu n'kuseka mwaulemu, n'kutembenukira kwa amayi.

Madzulo ena nditaweruka ndinawapeza avala mahedifoni anga, zala zikugogoda pa bondo. Phokoso linkamveka ndili pageti.

"Iwe, iyi nyimbo ni ya bandani?" anandifunsa mokuwa. "Ili monga ku nchito. Iyenda, yaimilila, yachinja giya."

Anandiuza kuti kwaya ija amaimva ngati udzudzu uli kutali, koma izi zimafika. Pamene ine ndinkasokera, iwo ankadziwa kuti apa ng'oma zitsika, apa gitala wamkulu alowa yekha, apa zonse zikumananso. Pofika mwezi chimbale chonse anali atachiloweza. Ankakonda kwambiri nyimbo yomaliza, imene imakhala chete pakati mpaka uganize kuti foni yazima, kenaka n'kubwerera ndi ukali. Akafika pamenepo ankakweza chala kudikira. Kuyambira pamene anasiya ntchito, ndinali ndisanawaone akudikira chinthu chilichonse.

Amayi sanakondwe nazo. Poyamba ankati ndabweretsa phokoso la ziwanda m'nyumba ya mapemphero. Koma mantha enieni anadza titapita nawo kuchipatala kukaonetsa khutu lija, limene linayamba kulira lokha. Namwino anatiuza mosabisa kuti akapitiriza kudzithira phokoso lotere, lamanzere nalonso litseka, ndipo silidzatsegukanso.

Tsiku lomwelo amayi anabisa mahedifoni m'sutukesi, pansi pa yunifolomu yawo ya chigwirizano. Ine ndinali mbali yawo, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinakalipira atate ngati mwana, kuwafunsa ngati akufuna kusinthanitsa mawu a mkazi wawo ndi azungu obangula amene sadzawaona n'komwe. Sindikudziwa kuti anamvapo mawu angati. Anangondiyang'ana pakamwa, n'kugwedeza mutu.

Sanatsutse, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka. Anabwerera pampando wawo, manja ali pa mawondo osagwedezeka. Tiyi ankazizira pambali pawo. Khutu tinalipulumutsa, koma panalibe chimene ankamvera nalo kupatula ife tikuwakuwira kuti madzi osamba atentha, kapena kuti amwe mankhwala. Nyengo yozizira yonse inatha choncho. Amayi ankawasuzumira pazenera la kukhitchini, mpeni uli m'manja, ndiwo osadula.

Lamlungu lina masana, titabwera kutchalitchi, amayi anakoka mpando n'kukhala kumanzere kwa atate. Anaika pakamwa pa khutu lija n'kuyamba kulankhula. Popeza ankayenera kukuwa, aneba onse anamva, ndipo ine ndinachita manyazi n'kuyamba kuanula zovala zosauma. Anawauza kuti iwo amayi akadzafa asadzawanyamule kupita kumudzi kwawo kum'mawa, adzawaike konkuno kumene ana angamafike. Anawauza kuti nkhani yakale ya achemwali a atate, imene inawakwiyitsa zaka zambiri, anaitaya kale. Anawauza kuti shuga wa mu tiyi akhala akuchepetsa mwadala, si kuiwala. Anawakumbutsa tsiku limene iwo amayi anatsika sitima pa siteshoni ndi katundu wa m'chitenje chimodzi, n'kunena kuti sanadandaulepo kuti anabwera. Nkhani iliyonse ikatha ankafunsa, "Mwamvela?" Atate ankayankha, "Namvela."

Dzuwa litapendeka amayi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mahedifoni. Anawaveka okha, n'kundipatsa foni kuti ndiwapezere chimbale chija, chifukwa iwo sadziwa posindikiza. Ndinayamba kuwakumbutsa za namwino, koma anandidula.

"Baleke, mwana wanga. Ine nakamba vanga vonse."

Ndinakweza mawu a foniyo mpaka pamapeto. Ndinali wokwiya ndi onse awiri, ndiponso ndi mwamuna wa tsitsi lalitali uja, kulikonse kumene ali.

Khutu linatseka mvula ya chaka chotsatira isanathe. Masiku ano atate amaika kasipika ka nyimbo pachifuwa, mkati mwa jekete, kuti azimva kugunda kwake m'thupi, ndipo zala zimatsatabe ng'oma. Amayi amakhalabe kumanzere kwawo akusadzula ndiwo, kuwauza za mtengo wa tomato ndi za amene wamwalira ku Shimabala. Salankhulanso mokuwa. Amalankhula motsitsa, mmene ankalankhulira nawo ife tili ana.