Seva Ikulimbilana Soketi ndi Wogela

Nshawa zanga zikufumbwa chifukwa cha ndevu za anthu ena. Mvelani.

Ife a gulu la alimi ku Mphamba tinapangitsa webusaiti kwa bambo wina wa makompyuta pafupi ndi msika wa Lundazi. Anati ogula azingodina batani pa foni, uthenga uzitifika.

Lachisanu wogula wa ku Chipata anandiimbila. Akuti zithunzi za nshawa zikuoneka, koma akadina batani, kanthu kamangozungulila. Akuti likapanda kuyankha pofika Loŵeluka masana, lole yake ipita kukagula kwa alimi a kwa Mwase.

Loŵeluka m'mawa ndinapalasa njinga mpaka ku boma.

Bambo uja anatsegula laputopu yake, nadina. "Onani adada, kwa ine ikuseŵenza."

Ndinati, "Mugula nshawa ndinu?"

Ndinamupatsa foni yanga. Anadina. Kanthu kaja zungulile.

Anayamba kufufuza. Akuti pempho likachoka pa foni limapita ku seva, ndipo mu sevamo muli kapulogalamu kolilandila, koma sikakudzuka. Anaikamo mau oti kakadzuka kanene. Zii. Anafufuta, nalembanso. Ananamizila netiweki. Ananamizila foni yanga. Mpaka anafunsa ngati chala changa chili ndi thukuta. Chala cholima fodya chingakanike batani?

Dzuŵa lili pamutu, analowa wogela tsitsi wa shopu yoyandikana. "Monile adada." Anagwada pansi pa tebulo, nazula pulagi ya makina ake, nabwezela ina pa soketi. Kabokosi kafumbi kanayatsa nyali.

"Ndamaliza, aneba. Seva yanu idyeko malaiti."

Ndinadinanso. Batani linayankha pomwepo.

Kansi soketi ndi imodzi, amabwelekana. Munthu akakhala pampando wogelela, seva imagona. Laputopu ija inali ndi kope lakelake la webusaiti, losadalila seva. Ndipo Lachisanu ndi Loŵeluka boma lonse limagela pokonzekela ku chalichi!

Ndinaimbila wa ku Chipata. Anati ali kale kwa Mwase, akukweza matumba.

Ndinafunsa bambo uja kuti nanga tsopano. Akuti ogula aphunzile kudina m'mamawa, wogela asanatsegule. Sukulu yonse ija, nzelu yake ndi imeneyi? Soketi yachiŵili yaletsedwa ndi ndani?

Wogelayo anayang'ana chibwano changa, nati ndikhale andichepetseleko. Ndinakana. Mwina wina anali kudina.

Bambo wa makompyuta, mundiuze amene adzadya nshawa zofumbwa. Inu alimi, wina akakupangilani webusaiti, yambani mwagwada muone pansi pa tebulo. Ndipo amuna a Lundazi, sungani ndevu zanu mpaka nshawa zanga zigulidwe.