Mafuta pa Marimu a Motoka ya Ukwati

Chindikani Njobvu ndi mwana wachisamba wa a Gideon Njobvu ndi a Ennie, amene anachoka ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji ku Kafue. Chindikani ana ake ndi awiri, Lindiwe ndi Bruce, ana aulemu oti sapereka chinthu kwa wamkulu ali chiimire. Banja la a Njobvu silichititsa munthu manyazi. Linaterereka tsiku limodzi lokha.

Mafakitale atagulitsidwa, Chindikani anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake ambirimbiri. Ena anathawira ku mowa, iye ayi. Motoka za ku Japan zitayamba kudzaza msewu wa ku Lusaka, anaphunzira kumata timalamba ta mphira m'mphepete mwa marimu, kuti tayala likakhula mwala chitsulo chisapalike. Ankagwirira pakhomo pake ku Estates. Rimu ankaitsuka ndi sopo, kuiumitsa padzuwa, ndiyeno kumata ndi guluu, akukanikiza ndi chala chachikulu mozungulira.

Ukwati wa Lindiwe utayandikira, a Harrison, bambo wa mwamuna, anabweretsa motoka yawo kuti aimate timalamba tofiira, idzanyamule akwati. Chindikani anatsuka marimu n'kuthamangira kumsika kukagula guluu. Pakhonde anatsala a Gideon, amene anabwera kudzacheza. Tsono kwa munthu wa njanji, gudumu louma ndi chipongwe. Anatenga kansanza ka mafuta, nagwada ndi mawondo awo opwetekawo, n'kupukuta rimu iliyonse mpaka kunyezimira. Sanauze munthu, inali mphatso yawo kwa mdzukulu. Chindikani atabwerako, m'mutu muli za ukwati zokhazokha, anaona kuwalako n'kuyamikira sopo. Anamata.

Loweruka, motoka zili pamzere, mahutala akulira, amayi akululutira. Atafika pafupi ndi siteshoni, kalamba kamodzi kanamatuka n'kuyamba kukwapula msewu. Kena kanagubuduka kukalowa mu ngalande.

"Ba wedding!" anakuwa kondakitala wa minibasi. "Motoka yanu yavula nsapato!"

Msika wonse unafa nacho chiseko. A Harrison anaima, natsika, naitana Chindikani ndi chala.

"Ba sewele, iyi ndiye nchito imene muidyera?"

Chindikani anagwira rimu. Chala chinabwerako chili noninoni.

"Nindani anagwira motoka iyi?"

"Ndine, mwanawe," anatero a Gideon, atavala jekete lawo la kutchalitchi. "Inali youma."

"Imwe ba tate, muganiza ni sitima iyi? Nkalani chabe pansi, nchito yanu inasila kudala, inatheratu!"

Mawuwo anatuluka pamaso pa asewele, pa akwati, pa ogulitsa tomato. Chiseko chinazima. A Gideon anavula chipewa, nachiyang'ana, nachivalanso, n'kuuyamba wa kunyumba wapansi. Nshima ya ukwati wa mdzukulu wawo sanailawe.

Marimu aja Chindikani anawatsukanso n'kumata bwino, ndipo a Harrison anaiwala kalekale. Koma kwa a Njobvu, mwana akakalipira bambo wake pagulu sapepesa ndi pakamwa pokha. Amanyamula nkhuku yoyera, n'kukagwada pakhomo. Chindikani akudziwa, analeredwa. Anapita ku Shimabala n'kugula tambala woyera ngati ufa. Kangapo konse wam'pana m'khwapa mpaka pageti la makolo ake, koma akangoona mutu wa imvi uja pakhonde, amabwerera.

Akakumana kutchalitchi, a Gideon amam'patsa moni wa alendo: "Muli bwanji, a Njobvu? Nchito iyenda?" Chindikani amayang'ana nsapato zake.

A Ennie anam'tumizira mawu kudzera mwa Bruce, kuti mawondo a atate wake sakuchira, ndipo munthu wokalamba sadikira mpaka kalekale. Tambala uja akadali ku Estates, wanenepa, zikhadabo zatalika. M'mawa uliwonse amalira pansi pa windo la Chindikani.