Tsamba la Chirundu cha Amalume

Ndinatha zaka zitatu ndikulemba kabuku ka mayina a nsomba, mphepo ndi maukonde monga timatchulira kuno kunyanja. Ndinkalemba m'kope masana, alendo akasowa kunyumba yogona ya ku Chiwanga kumene ndimagwira ntchito. Zambiri anandiuza ndi amalume anga a ku Meluluca, msodzi wa utaka amene tsopano maso akuwavuta.

Mphunzitsi wina wa ku Metangula, wochokera kum'mwera, anaona kopelo ndipo analikonda. Tinkangowatchula kuti apulofesolo. Anataipa zonse pa kompyuta n'kupanga buku lowerengera pa foni.

Tsiku lina anabwera ndi pepala limene ankati lisensa. Anali mawu ochepa oika kutsogolo kwa buku, olola aliyense kulikopera, kutumizira mnzake kapena kuphunzitsira ana, bola atchule mwini wake ndipo asagulitse.

"Mukavomera, palibe kubweza," anatero m'Chipwitikizi. "Ndiye mutsimikize kuti zonse zili m'menemu ndi zanu."

Ndinatsegula bukulo kuti ndiliwerenge komaliza. Chakumapeto ndinapeza tsamba la chirundu. Chirundu ndi thanthwe la pansi pa madzi pamene utaka umasonkhana. Sichioneka. Msodzi amachipeza poyang'ana kumtunda, n'kulunjikitsa mtengo wakuti ndi phiri lakuti. Banja lililonse limabisa zizindikiro zake, chifukwa ndiwo munda wake. Ine ndinali nditalemba za amalume zonse, ati kupereka chitsanzo.

"Bukuli mwatumizirako munthu?" ndinafunsa.

"Anzanga awiri okha, kuti aone ngati lili bwino. Mmodzi amaphunzitsa ku Msumba."

Ku Msumba nyumba iliyonse ili ndi msodzi. Ana atatu a amalume amadyera pa chirundu chimenecho.

Kutacha ndinapalasa njinga ulendo wa ku Meluluca. Njira yonse ndinkakonza mawu, osawapeza. Ndinapeza amalume pansi pa mtengo wa mango akupota chingwe, akazi awo akutembenuza usipa pathandala.

"Amalume, ndalakwa," ndinatero titapatsana moni. Ndinafotokoza zonse, kenako n'kuwawerengera tsambalo.

"Bwerezanso pamene pali mlambepo."

Ndinabwereza. Anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mlambe wa nthambi ziwiri ndi phiri la mphanda? Wotsata zimenezo akakoka madzi okhaokha."

"Koma munandiuza ndinu."

"Ndinakuuza tili pakhonde, iwe cholembera chili m'manja. Unamva kuti chirundu amauzana pakhonde? Amauzana m'bwato, kupalasa kuli mkati. Nanga iwe ndikanakuuzira kuti, munthu wosanza ngakhale pali bata?"

"Musamunyoze mwana, wapalasa kuchokera kutali," anatero akazi awo, koma nawonso ankaseka.

Zinandiwawa pang'ono kuti amalume ananditenga ngati mlendo. Koma mantha anatha, ndipo ndinazindikira kuti kuyambira dzulo lake sindinalawe kanthu.

Ndinawafunsa amalume za zotsalazo: mphepo za mwera, mpoto ndi vuma, mayina a nsomba, kasokedwe ka ukonde wa chirimila. Kodi ndili ndi ufulu wozipereka kwa anthu onse?

Anaika chingwe pa bondo.

"Mphepo si zanga, ndinazipeza zili ndi mayina kale. Ana aziwerenga. Koma usalembe dzina lako lokha ngati unazitola m'mutu mwako. Ulembe kuti unamva kwa asodzi a kuno. Ndipo tsamba labodzalo uchotse, anthu angamati mkulu uja nyanja saidziwa."

Ndinachita momwemo. Apulofesolo anachotsa tsambalo, ndipo pa lisensa tinalemba kuti mawu ndi a asodzi a ku Meluluca, ine ndinangosonkhanitsa. Ndinawerenga buku lonse kawiri, mzere ndi mzere, ndikudzifunsa paliponse kuti ichi anandiuza ndani, ndipo tinali pati. Kenako ndinasaina.

Lero bukulo lili m'mafoni a anthu amene sindiwadziwa. Lakale lija, la tsamba labodza, nalonso linayenda ndithu. Mwana wamkulu wa amalume anandiuza kuti mwezi wotsatira anaona bwato lachilendo likuzungulirazungulira patsogolo pa mlambe uja m'mawa wonse. Iye anawapatsa moni mwaulemu anthu a m'bwatomo, n'kupitirira.