Ng'ombe Ziwiri, Ngolo Imodzi

Izi sindinauzepo munthu, ngakhale akumpingo amene anandipempha kuti ndizithandiza pa sukulu ya mmera mpoyamba kwathu kuno, kufupi ndi Mtakataka. Iwo amangodziwa kuti ndinaphunzira kuwerenga ku sukulu ya kwacha ndili kale ndi imvi.

Ntchitoyi imatopetsa. Pofika nthawi ya phala mawondo amakhala atauma, mawu atasasa. Zimene zinkandisautsa kwambiri ndi zilembo zoyenda ziwiriziwiri, monga ny, ch ndi ph. Mwana amaona n, amaona y, n'kutchula chilichonse pachokha. Ndinabwereza mpaka lilime kulema.

Tsiku lina ngolo ya mchenga inadutsa, ana onse n'kundithawa kukaonerera. Ndinalibe mphamvu zowaitana. Atabwerako ndinatenga nsungwi n'kuisenzetsa ana awiri pamapewa ngati goli, wina atavala katoni ya n m'khosi, wina ya y.

"Ng'ombe ziwiri, ngolo imodzi," ndinatero. "Kokani, muziti nya!"

Anakoka akukuwa nya, nye, nyi, fumbi lili koboo. Amene anakondwa koposa anali mdzukulu wanga, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi woyamba. Anapempha makatoniwo kuti akasewere nawo kunyumba. Kenako anasiya kubwera kusukulu.

Nditapita kukaona, ndinapeza mayi ake akupeta mpunga pakhonde.

"Mwanayu wadwala?"

"Ali bwino. Akulera mng'ono wake."

"Nanga sukulu?"

Sanaleke kupeta. "Bambo, mwanayu anandiveka chikatoni chanucho pamjigo, azimayi ali tho. Akuti amayi ndinu ng'ombe inayo, tchulani. Nditchule chiyani ine? Wina n'kuti, mwana wa aphunzitsitu ameneyo. Anaseka mpaka kutula zidebe."

"Ndi mwana, sanadziwe."

"Iye sanadziwe. Koma inu mukudziwa kuti sukulu yanga ine inali yopirikitsa mbalame."

Ndinkadziwa. Chaka chimene mpheta zinatsala pang'ono kutimalizira mpunga, ndinamuchotsa mu sitandade wani kuti azikalondera kudimba. Ndinati abwerera tikakolola. Tinakolola.

Anandiponyera makatoni aja pamiyendo. Ndinawatola n'kubwerera pang'onopang'ono, ndikupuma pansi pa milambe. Ndinaona kuti mwana uja sabwera kusukulu malinga ngati zilembo zikuchititsa mayi ake manyazi.

M'mawa mwake ndinatuma uthenga kuti ndichedwa. Ndinanyamula nsungwi ija mpaka pakhonde lomwe lija. Mwana wanga anali akusesa, mdzukulu akusuzumira pakhomo mng'ono wake ali kumsana. Ndinavala katoni ya n m'khosi mwanga, ya y ndinaiika pamkeka pafupi ndi lichero la mwana wanga. Kenako ndinagwada movutikira, ndinasenza mbali imodzi ya nsungwi, mbali inayo ili pansi, n'kudikira.