Galimoto ya Mpando Umodzi ya a Philemon Chulu

A Philemon Chulu sakonda kuti dzina lawo lizitchulidwa pagulu. Ine ndinakula nawo ku Tamanda, kumene mwana akakhoza mayeso ankangomuchenjeza kuti asadzitukumule, choncho sindiwatamanda pano. Anthu a ku Chiparamba anawatamanda kale mokwanira.

Bambo awo anali mphunzitsi wa mishoni ndipo ankafuna kuti mwana wawo adzakhale kalaliki. A Philemon anasiya cholembera natola sipanala. Anagwira ntchito zaka zambiri pa galaja ya kampani ina ya boma yokonza mathirakitala ku Chipata, mpaka mu 1993, pamene makampani otere anayamba kugulitsidwa ndipo antchito anauzidwa kuti akapume kwawo. Ena anachoka ndi malata, ena ndi njinga. A Philemon anapempha chigalimoto chimene chinkawolera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa galajayo, Datsun ya zitseko ziwiri, yaifupi msinkhu, imene mzungu wina wa fodya anaisiya pobwerera kwawo. Anaikoka ndi thirakitala mpaka ku Chiparamba, kwawo kwa akazi awo a Tryness, kumene anamanga chikamwini.

Mudzi unasangalala. Kumudzi galimoto ya munthu mmodzi ndi ya onse: imanyamula odwala, feteleza, mbuzi ya pa Khirisimasi, ndiponso maliro. Injini italira koyamba, amayi anaimba nthungululu. Koma m'mawa mwake a Philemon anamasula mpando wakumbuyo nauika pakhonde. Kenaka anamasulanso wa pambali pa dalaivala. Anakanganula kapeti, wailesi, nsalu ya kudenga ndi zikuto za m'zitseko.

Mlamu wawo a Shepherd, mchimwene wa a Tryness, amene ankachita malonda a shuga ndi zitenje kudzera pa malire a dziko pa Mwami, ankabwera kudzaonerera atakhala pa mpando womasulidwawo.

"Alamu, anzanu akapeza motoka amawonjezerapo zinthu. Inu mukuisosola ngati nkhuku."

"Cholemera chilichonse chimadya liwiro," anayankha a Philemon ali pansi pa galimotoyo.

"Ndiye chotsani injiniyo. Ndi imene ikulemera kuposa zonse."

A Tryness anafunsa funso limodzi lokha. "Nanga ine ndizikhala pati?"

"Poonerera, amayi."

Apo m'pamene anthu anadziwa kuti mkamwiniyo sankakonza galimoto yoyendera. Ankakonza ya mpikisano. Ali mwana wa sukulu anaonapo magalimoto a mpikisano akudutsa pa msewu waukulu, fumbi lili tolo, ndipo kuyambira tsikulo nkhaniyi anangoisunga mumtima, monga timachitira ife a ku mishoni ndi zilakolako zathu.

Ntchitoyo inatenga zaka. Masana ankakonza zigayo ndi mapulawo a anthu kuti banja lidye, madzulo ankabwerera ku Datsun. Mkati anawotchereramo khola la mapaipi a madzi kuti galimoto ikagubuduka denga lisawaphwanye. Anadula masipuling'i kuti ikhale pansi kwambiri, mwakuti chitsa chilichonse cha m'njira ya kumudzi chinkaipatsa moni. Anaikamo makabuleta awiri omwetsa injini petulo, nadula ekizosi yotulutsira utsi, ndipo akailiza agalu ankathawira kudimba. Sindinganene kuti inali yokongola. Koma tsiku limene anaiyesa pa msewu wa ku Lundazi ndinalipo, ndipo ndingochitira umboni kuti inathamanga.

Mu 1996 kunamveka kuti kalabu ina ya ku Lusaka ibweretsa mpikisano pa bwalo lakale la ndege la pa famu ina ya fodya, Loweruka lina masana m'mwezi wa Okutobala. Kum'mawa kuno zotere sizibwera kawirikawiri, ndipo a Philemon anali atayamba kale imvi. Analembetsa dzina. Anabwereka chisoti cha njinga yamoto kwa mlangizi wa zaulimi. Sabata yomaliza anachotsa chinthu chimodzi chimene chinatsala, fani yoziziritsa injini. Anati fani imabera injini mphamvu, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo yokha imaziziritsa madzi a mu redieta. Amene amadziwa za magalimoto amati ananena zoona.

Loweruka lomwelo m'mawa unali ukwati wa Jesca, mng'ono wake wa a Tryness. Izi sizinawadetse nkhawa a Philemon. Anakonza zokhala nawo m'tchalitchi, kupereka mphatso, n'kuzemba. Koma Lachisanu kunabwera uthenga woti vaneti imene a Shepherd anapangana nayo kuti inyamule mkwatibwi yafera tsidya lina la Mwami ndi katundu yense.

Apongozi awo a Philemon, aNambewe, anali mayi wolemekezeka wa Chigwirizano cha kutchalitchi, wa mawu amphamvu poimba. Chilowereni m'mudzimo a Philemon anali asanalankhule nawo maso ndi maso. Akakumana m'njira, wina ankapatukira kutchire. Zonse zinkadzera mwa a Shepherd kapena a Tryness, ndipo anthu ankatchula a Philemon ngati chitsanzo cha mkamwini wodziwa mwambo. Choncho amene anabwera ndi uthenga wa aNambewe anali a Shepherd.

"Alamu, amayi akuti mwana wawo womaliza sangachoke kutchalitchi wapansi pamene pakhomo pali motoka."

"Motokayo ili ndi mpando umodzi."

"Ndawauza. Akuti pabalaza pali mipando."

"Ilibe fani."

"Jesca sadandaula, azidzikupiza ndi kanyuzi."

"Sindikunena za Jesca, alamu. Motoka iyi siyenda pang'onopang'ono. Ikapanda kuthamanga ipsa."

"Hee! Ndiye ndikawauze amayi kuti mkamwini wawo wakana?"

A Philemon anayang'ana galimoto ija nthawi yaitali. Kuchokera kutchalitchi kufika kunyumba si patali. Munthu amafika asanamalize nzimbe. Anaganiza kuti akanyamuka msanga anthu asanatuluke onse, afika injini isanatenthe. Anavomera. Fani sanaibwezere, chifukwa kutero kunafuna kumasulanso redieta, ndipo sakanapeza nthawi yoichotsanso masana.

M'mawa a Tryness anamangirira mpando wa pabalaza ku mapaipi aja ndi linya, nakongoletsa boneti ndi maluwa a mapepala. Ukwati utadalitsidwa, Jesca anapindika ndi velo yake kulowa m'kholamo. Mkwati, mphunzitsi wamanyazi dzina lake Clement, anakhala pansi kumbuyo pa mphasa, mawondo ali pachibwano. A Philemon analiza injini, ana nabalalika.

Koma amayi a Chigwirizano sanadikire kuti mapemphero athe. Anali atatuluka kale nafola kutsogolo kwa galimoto. Ukwati wa kumudzi suthamanga. Amayi amatsogola akuimba, amayala zitenje pansi kuti matayala apondepo, galimoto ikadutsa amazitola n'kukaziyalanso patsogolo. Ndipo patsogolo penipeni pa bampa, chammbuyo, akuvina moyang'ana mwana wawo, panali aNambewe.

Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. Ine ndinkayenda pambali pa zenera la dalaivala, ndipo ndinaona kasingano koonetsa kutentha kakukwera. A Philemon anakaonanso. Dzanja lawo linapita pa hutala, n'kubwerera. Munthu saimbira apongozi hutala. Anasuzumira pazenera naitana akazi awo chapansipansi.

"Amake Tamiwe, auzeni alamu awauze amayi kuti apatuke pang'ono. Ndingothamanga mpaka pa mkuyu apo, ndikadikira pomwepo."

A Tryness anakankhana ndi anthu mpaka anapeza a Shepherd, amene anali atalawa kale za m'mbiya. A Shepherd anavina chamtsogolo, nagwada pambali pa amayi awo, nanong'ona. Yankho linabwerera njira yomweyo.

"Akuti sitikuthamangitsidwa ndi munthu. Akutinso nyimbo iyi ili ndi ndime zina."

Nyimboyo inalidi ndi ndime zina. Kasingano kanafika pofiira.

"Alamu, zimitsani tikankhe," anatero Clement kumbuyoko.

"Ayi!" anatero Jesca m'kati mwa velo. "Anthu adzati ukwati wanga unafera panjira. Alamu, chonde."

Mawu amenewo ndi amene anamaliza nkhani. A Philemon akanatha kuzimitsa injini pomwepo, n'kuisiya izizire, masana n'kukapikisana. Anayang'ana mlamu wawo wamng'onoyo, amene anamupeza ali wa sukulu ya pulayimale, nagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Amayi ena anayesa kuti ndi mbali ya zokongoletsa ndipo anawonjezera nthungululu. Fungo la oyilo wopsa linasakanikirana ndi la pafyumu. Injini inayamba kugogoda, poyamba mwaulemu, kenaka ngati munthu wokwiya. Inapirira mpaka inalowa pabwalo la aNambewe, pa chitenje chomaliza, ndipo apo inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Anthu anaomba m'manja poganiza kuti dalaivala wazimitsa.

A Philemon anathandiza mkwatibwi kutsika. Kenaka anatsegula boneti. Anayesa kupotokola injini ndi sipanala yaikulu, koma inali itagwirana ngati mwala. Anatseka boneti, nasamba m'manja, nakakhala pamene anawakonzera.

Masana, nthawi imene anzawo ankafola pa bwalo la ndege lija, ankhoswe anaimirira kulankhula. Anathokoza abusa, ophika, ndi amene anabwereketsa mabenchi. Kenaka anatembenukira kwa a Philemon.

"Achinyamata, onani kuno. Motoka iyi tonse timaidziwa, imathamanga ngati mphezi. Koma lero yayenda ngati ng'ombe ya pangolo. Sinaimbe hutala ngakhale kamodzi. Kumeneko ndiye kudzichepetsa! Mwana wa mphunzitsi ndi mwana wa mphunzitsi basi."

Anthu anakuwa. A Philemon anaweramitsa mutu, ndipo ankhoswe anati, "Mwaonatu, ngakhale pano akuchita manyazi."

Injini ina anaipeza patapita chaka ndi miyezi, ya vaneti yogundidwa, ndipo anaikonza bwino. Kalabu ija sinabwerenso kum'mawa kuno. Famuyo inagulidwa ndi munthu wina amene analima thonje pa bwalo la ndege. A Philemon akukonzabe zigayo mpaka lero, ndipo sindinawamvepo akudandaula, ngakhale kuti kusadandaula kwa munthu wa ku Tamanda sikutanthauza zambiri.

Mphotho yawo inabwera sabata yotsatira ukwatiwo. ANambewe anatuma a Shepherd kukanena kuti mkamwini wotere sayeneranso kumapatukira kutchire. Anapha tambala, naitana akuluakulu a banja, nayala mphasa pakhonde. A Philemon anavala jekete, nakhala pansi moyang'anizana ndi apongozi awo kwa nthawi yoyamba. Atadya m'mbale imodzi, akuluakulu anati tsopano ndi mayi ndi mwana, azilankhulana momasuka.

ANambewe ndiwo anayamba. "Bambo, ndamva kwa Tryness kuti motoka ija inapsa tsiku lija. N'zoona?"

"N'zoona, amayi."

"Chifukwa cha kuyenda pang'onopang'ono?"

"Inde, amayi."

"Aa! Shepherd anangondiuza kuti mukufulumira kukaseweretsa motoka ndi anzanu. Za kupsazo sananene." Anatembenukira kwa mwana wawo, amene anali kalikiliki ndi fupa la tambala. "Iwe Shepherd!"

"Amayi, ine si makaniko," anatero a Shepherd.

Mayi aja anapukusa mutu, nayang'ananso mkamwini wawo mwachifundo.

"Mukanangonditulutsira mutu pazenera n'kundiuza, bambo. Ine ndikanapatuka."

"Zikomo, amayi," anatero a Philemon.