Majuzi Achikasu a ku Champhira

Ndikukumbukira chisanu cha ku Champhira, chisanu chopanda ulemu chimene chinkakutsatira mpaka m'bulangeti. Ife kwathu ndi ku Salima, kumene thukuta limakutuluka ungokhala, ndiye amayi atawasamutsira ku kachipatala kena kumwera kwa Mzimba, mwezi wa Juni woyamba ndinaganiza kuti boma latilanga. M'mawa nkhungu inkaphimba minda ndi mapiri omwe, udzu utanyowa ndi mame, madzi a mumtsuko akuluma zala. Popita kusukulu pakamwa pankatuluka utsi, miyendo ili mbuu ngakhale wadzola mafuta. Sukulu yaulere inali itangoyamba kumene, ana tinachuluka ngati nyerere, ndipo ife a Sitandade 4 tinkaphunzirira pansi pa mtengo, aliyense atakhalira njerwa yake, mphepo ikuchita nafe zimene ikufuna.

Amayi anali namwino, koma kumeneko aliyense ankangowatchula kuti Anesi. Bambo ankagwira ntchito ku matabwa ku Chikangawa, ankabwera mwezi ukatha akununkha utomoni wa paini. Amayi sankadziwa kukhala manja ali chete. Akaweruka ku ntchito ankaluka, akamandikalipira ankaluka, ndipo ndikukhulupirira kuti akanaloledwa bwenzi akuluka ndi m'tchalitchi momwe. Loweruka masana amayi anzawo a kumpingo ankasonkhana pakhonde pathu. Amene analibe singano zolukira ankanola masipoko a njinga pamwala, nkumaluka nawo bwinobwino. Iwo ankayankhula Chitumbuka, amayi nkumayankha m'Chichewa, koma miseche inkamveka mbali zonse popanda womasulira.

Zaka zimenezo maliro anali osati masewera. Matenda aja anthu sankawatchula dzina, ankangoti "zomwezi", nkuyang'ana kumbali. Ankatenga bambo, pakapita miyezi nkutenganso mayi, ana nkutsala ndi agogo amene nawonso anali ofunika kuwasamala. M'kalasi mwathu munali ana otere ambiri ndithu, ndipo m'modzi wa iwo anali mnzanga wapamtima, Tiwonge. Njerwa yake inkakhala pafupi ndi yanga. Ndiye anandiphunzitsa Chitumbuka, kuyambira mawu otukwana monga mwa mwambo wa ana, ndipo pa fulaye panalibe womugenda. Ankakhala ndi agogo ake ndi kamlongo kake tsidya la mtsinje. Diresi lake la sukulu linali lopyapyala moti dzuwa linkaonekera, ndipo m'mawa uliwonse mano ake ankagundana mpaka ine kumamva.

Tsiku lina kumpingo kunafika chikatoni chachikulu chochokera kwa anthu akufuna kwabwino a kunja. Munali ulusi wolukira wokhawokha, wofewa, wonenepa bwino, woti ku boma ku Mzimba sungaupeze. Koma wonsewo unali wa mtundu umodzi, wachikasu chowala ngati dzira. Palibe amene anaonapo vuto. Wopatsidwa sasankha, nanji wopempha. Amayi aja anagwirizana zolukira ana amasiye majuzi ndi zisoti chisanu chisanafike pachimake, ndipo makanda anawalukira timabulangeti ndi kasingano ka ngowe, akulumikiza tizigamba ting'onoting'ono. Ntchito yanga inali yotambasula manja, ulusi utakoledwa m'mikono, amayi akukulunga mpukutu mpaka mapewa kuwawa. Khonde lathu linasanduka lachikasu. Ndinkamva fungo la ulusi watsopano, kulira kwa masipoko akamakhudzana, ndi nyimbo zimene ankaimba chapansipansi. Kunena zoona, amayi amenewo ankaluka ndi mtima wonse. Ena mwa iwo analibe juzi ya iwo eni.

Pogawa ndi pamene zinalakwika, ngakhale tsikulo aliyense ankaona ngati zayenda bwino. Anagawira kusukulu, pa asembule, ana tonse tili pamizere. Ankaitana dzina, mwana nkutuluka, nkugwada, nkuvekedwa juzi, ife nkuwomba m'manja. Pamapeto anawaimika pamodzi kuti awajambule chithunzi chotumiza kwa eni ulusi. Ndikuwaonabe mpaka lero, mzere wachikasu kutsogolo kwa sukulu yonse, Tiwonge ali kumapeto, maso ali pa zala za kumapazi.

Ana ndi anthu ankhanza akafuna. Sabata isanathe, mnyamata wina wa Sitandade 6 anali atapeza kale dzina. Anati amenewa ndi anapiye achizungu aja, achikasu, oswedwa ndi makina, opanda make. Dzinalo linayaka ngati moto wa lupsa. Wa juzi yachikasu akamadutsa, ena ankalira "tsiyo, tsiyo" kumbuyo kwake. Ndipo sizinathere kusukulu. Pamsika, pachigayo, pamjigo, munthu ankangoona chikasu patali nkudziwa kuti kwa mwana uyo kunalowa zomwezi. Ena ankamumvera chisoni mokweza, ena ankakoka ana awo kuti asayandikane naye. Chimene agogo ankabisa m'nyumba, juzi inkachilengeza pamsewu.

Tiwonge sanalire ndipo sanamenyane ndi munthu. Ankachoka kwawo atavala kuti agogo asadandaule, akafika pamtsinje nkuvula, nkuipinda bwinobwino, nkuiika mu jumbo pansi pa makope. Ankafika kusukulu ndi diresi lake lomwe lija, akunjenjemera, juzi yotentha ili pambali pake m'jumbo. Ndinamuuza kuti avale, iye anangondiyang'ana nati, "Iwe uli na amama, khala chete." Ndinakhaladi chete. Ndinali nditavala juzi yanga yofiira ya pa kaunjika, yokhala ndi mabatani owala, imene ndinkaikonda kuposa china chilichonse.

Mu Julaye anayamba kutsokomola. Kenako njerwa yake inakhala yopanda munthu. Tsiku lachitatu kapena lachinayi ndinaona agogo ake akulowa pachipatala atamubereka kumbuyo, mtsikana wamkulu miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa nkhalamba. Chinali chibayo. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa masiku amenewo ndinali nditaona ana angapo akulowa pakhomo limenelo oberekedwa nkutuluka atakulungidwa. Amayi atabwera kudzadya masana anali okwiya. Anati sakumvetsa, mwana anamulukira okha juzi ndi manja awo, nanga chibayo chachokera kuti? Ndinawafotokozera zonse, za anapiye, za pamtsinje, za jumbo. Ndinkayembekezera kuti anyamuka kukakoka makutu a mnyamata uja. Koma anangosiya chakudya. Kenako anatulutsa ulusi wotsala nati, "Tadala, tambasula manja."

Sindinadziwe kuti ndikuthandiza kuluka tsoka langa lomwe. Lolemba m'mawa ndinapeza juzi yanga yofiira yatsekeredwa m'sutikesi, pamphasa pali yachikasu, yatsopano, ya msinkhu wanga ndendende. Ndinalira, ndinagubuduka, ndinati kuli bwino ndife ndi chisanu. Amayi sanatekeseke. Anandiveka okha ngati khanda, nandikankhira panja. "Akakufunsa, ukanene kuti amayi ali moyo, ali ku ntchito," anatero, natseka chitseko.

Sindinafike nkomwe pamzere. Pachipata cha sukulu pankakhala mayi wina wachikulire, a NyaTembo, wogulitsa mbatata zootcha, amene amayi anawachiza bala la pamwendo chaka chapitacho. Atangondiona ndi chikasu changa, maso ofiira ndi kulira, anaimirira, mbatata zili mbwee pansi. Anagwira kumutu nayamba kukuwa m'Chitumbuka kuti amayi amwalira, "Mwe Chiuta wane! Anesi ŵaluta! Anesi ŵatileka!" Ndinayesa kunena zimene anandiuza amayi zija, koma ndani akanandimva? Anandigwira dzanja nauyamba ulendo wa kunyumba kwathu akubuma maliro. Amayi a pamjigo anasiya ndowa natitsatira, wa pachigayo anazimitsa injini. Pofika pakhomo tinali chigulu, ndipo tinapeza malemuwo ali mu yunifolomu yoyera, akukolezera mbaula.

Kulira kunaduka ngati wina wazimitsa wailesi. A NyaTembo anayandikira nawagwira amayi pamkono kuti atsimikize. "Anesi, muli ŵamoyo? Mbwenu mwana uyu wavala juzi ya amasiye chifukwa chiyani?"

"Yewo chomene pobwera kudzandilira, amama," anayankha amayi, "koma mwafulumira."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Amayi anawasiya aseke, kenako anawauza osakweza mawu kuti m'chipatalamo mwagona mwana amene anasankha chibayo m'malo mwa juzi imeneyi, ndipo tsopano onse adzionera okha chifukwa chake. Anati olakwa si ana a sukulu ayi, koma iwo amene analuka, chifukwa anayeza mikono ndi zifuwa za ana nkuiwala kuti mwana alinso ndi manyazi. Pa amayi a pakhonde pathu panali angapo m'gulumo. Loweruka lotsatira anabwera onse, ndi ena amene sankabwera kale.

Ulusi wachikasu unali utatsalabe wambiri. Amayi aja anayamba kulukira ana awo tsopano. Mwana wa abusa anatulukira ndi juzi yachikasu, ana awiri a wapolisi chimodzimodzi, ndipo ulusi utayamba kuchepa ankangoluka zisoti ndi timipango ta m'khosi. Aphunzitsi aakulu, bambo wadazi woopedwa ndi sukulu yonse, anaima pa asembule atavala chisoti chachikasu chokhala ndi kampira pamwamba, nayang'ana mizere yonse ngati akuti amene akufuna kulira "tsiyo" ayambe. Ngakhale mnyamata wa Sitandade 6 uja amayi ake anamuveka yake, yothina m'khwapa, ndipo ife sitinamuchitire chifundo. Kuyambira pamenepo amayi aja akafuna kuthandiza mwana, ankagula majuzi akale pa kaunjika, nkuwamasula, nkusakaniza mitundu, ndipo ankakapereka kunyumba, mu jumbo, popanda kuwomba m'manja.

Tiwonge anachira, jakisoni wa amayi sankaphonya. Tsiku limene anabwerera kusukulu anafika ndi diresi lokha monga kale, ataonda, jumbo ili m'manja. Anaima nayang'ana bwalo lonse lili chikasu, kenako anayang'ana ine. "Iwe Tadala, nawe ndiwe mwanapiye?" Ndinati eya, koma ine ndine mwanapiye wa make wolusa. Anaseka mpaka kutsokomola, napisa dzanja m'jumbo, navala juzi yake pamaso pa aliyense. Loweruka linalo anabwera pakhonde pathu ndi masipoko awiri, amayi nayamba kumuphunzitsa kuluka.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndili Fomu 2 amayi anadwala mwadzidzidzi, ndipo sabata isanathe anatisiya. A NyaTembo anabweranso akubuma kuchokera kuchipata cha sukulu, ndipo ulendo uno sanafulumire. Unalinso mwezi wa Juni. Bambo anapeza lole ya matabwa yoti itinyamule ndi bokosi kupita ku Salima. Ndinakwera kumbuyo, nkhungu ili tolo, ndipo misozi inali itakana kutuluka chimwalirire amayi. Injini italira ndinaona Tiwonge akuthamanga kuchokera kumtsinje atakumbatira chinthu. Kanali kabulangeti kake kofunda, kamene analuka yekha atamasula juzi yake ija itamuchepera, nkuwonjezera ulusi wina wotolatola. Pakati ponse panali pachikasu. Anakwera pa tayala, nandifunditsa m'mapewa, nati, "Funda, mwanapiye mnzanga." Apo ndi pamene ndinalira, ndipo ndinalira mpaka pa Jenda.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mankhwala anabwera, makolo ambiri akulera okha ana awo, ndipo matenda aja tikuwatchula dzina masana dzuwa likuswa mtengo. Mabulangeti a m'sitolo ali mbwee, atsikana athu sadziwa kuti sipoko ya njinga ili ndi ntchito ina. Koma ana amasiye sanathe, chisanu nachonso sichinathe. Kuno ku Lilongwe tili ndi kagulu kathu ka amayi, timaluka Loweruka masana. Anzanga amati ndine wovuta, chifukwa sindilola majuzi awiri ofanana kupita kumudzi umodzi, ndipo wina akatulutsa foni kuti ajambule mwana akulandira, ndimaima kutsogolo kwake ndi thupi langa lonseli. Ndikawafotokozera chifukwa, ena amamva, ena amangoti mayi uyu ndi nkhani zake za ku Mzimba.

Tiwonge ndi mphunzitsi tsopano, ali ku Euthini, ali ndi ana atatu ndi mdzukulu. Chisanu chikangoyamba amaimba foni, ndipo moni wake ndi umodzimodzi chaka ndi chaka: "Mwanapiye, wafunda?" Ndine mayi wa imvi, kuntchito amandipatsa ulemu, koma ndimayankha kuti eya, ndafunda. Palibenso munthu wina pa dziko lino amene ndingamulole kunditchula dzina limenelo.