Kalata Imene Adada Anasuta

Adada anayamba kuima panjila chaka chimene ndinasiya sukulu. Pochoka kwathu ku Magodi kupita ku boma pali kachitunda kamene ngakhale mayi wobeleka mwana amakwela osatsika panjinga. Iwo ankatsika pamenepo, n'kugwila pachifuwa, n'kumayang'ana tayala ngati laphwa. Tayala linali bwinobwino. Ine ndinkaima patsogolo n'kumadikila kuti bodza lithe.

Sukulu ndinasiyila giledi ileveni. Chifukwa chake n'changa. Ndinatulukako ndi sayansi yokwana kuwelenga pepala la ku labu, chinthu chimene pakhomo pathu palibe ankachiyesa kanthu.

Amene anawakokela kuchipatala ndi ankhazi, mlongo wawo. Achipatala anawatenga magazi kawili, mwezi umodzi pakati. Malungo analibe, chifuwa chachikulu analibe, chilonda analibe. Ulendo wachiwili ndinalowa nawo m'chipinda. Dokotala anali mayi wachichepele, wolankhula mosathamanga.

"Adada, maselo oyela m'magazi mwanu achuluka, ndipo mwezi wathawu zinalinso choncho."

"Oyela ndiye ati?"

"Aja timati asilikali a m'thupi."

Nkhope ya adada inawala. Ndinadziwa pomwepo kuti makutu atseka.

Apa ndifotokoze. Adada anali ndi mng'ono wawo amene anadwala kachilombo ine ndili wamng'ono. Iwo ndiwo ankamunyamula panjinga kupita naye kukayezetsa, ndipo ulendo uliwonse ankamva kuti asilikali atsika. Anatsika mpaka munthuyo tinamuika. Mudzi wonse unaphunzila phunzilo limodzi pa malilo ngati amenewo: asilikali akachepa wapita, akachuluka uli moyo. Phunzilolo ndi loona pamalo pake. Koma anthu akwathu akagwila chinthu chimodzi amachiyesa buku lonse.

Dokotala anayesetsa. Anati asilikali akamakhala ambili munthu alibe matenda ooneka, nthawi zambili pali chimene chikunyeka mkati mwakachetechete. Fodya amawachulukitsa. Mafuta akamamatilila m'mitsempha yodyetsa mtima, makoma ake amatupa, ndipo asilikali amathamangila kumeneko.

"Nambala yokhayi siikunena kuti mtima wadwala," anatelo. "Koma ndikaiphatikiza ndi bipi yanu, fodya wanu ndi kupweteka kwa pachitundako, sindikukondwa nazo. Mupite ku Chipata akakupimeni mtima ndi makina. Musadikile mvula."

Analemba kalata. Adada anailandila ndi manja awili akuthokoza, "Yewo, yewo chomene," mwaulemu wonse wa munthu amene sanamve kanthu.

Tisanatuluke n'komwe mu boma, pepala la ku labu linali litaonedwa kale ndi anthu anayi pamsika wa Lundazi. Wogulitsa zingwe za ng'ombe analigwila chadodolido n'kugwedeza mutu ngati wamvetsa.

"Mwaona? Apitilila muyezo!" adada ankaloza nambalayo ndi chala. "Munthu wa zaka zanga!"

"Ndinu chitsulo, mdala."

Ndinati, "Adada, dokotala sananene choncho."

"Iwe gwila njinga."

Lamulungu lotsatila anaimilila m'chalichi nthawi ya maumboni. Anavala jekete la pa ukwati, pepala lili m'thumba la pamtima penipeni. Anathokoza Mulungu kuti pamene ena asilikali amawathela, iwo awapatsa osefukila. Ankhazi, omwe aja anawakokela kuchipatala, ndiwo anayambitsa nthungululu. Anthu akuluakulu, ena a imvi, kuwombela m'manja mitsempha yotsekeka. Ndinatuluka nyimbo isanathe.

Panja ankhazi ananditsata.

"Iwe mwana, nkhope imeneyo n'njotani? Awuso achila, iwe ukukwiya?"

"Adada sanachile, ankhazi. Awauza kuti apite ku Chipata."

"Ku Chipata kukatani munthu ali ndi asilikali?"

"Asilikali akadzaza pamudzi ndiye kuti pali mtendele?"

Anandiyang'ana kuchokela kumapazi mpaka kumutu. "Udokotala umenewu bwenzi utaumalizila kusukulu konkuja."

Ndi yankho limene aliyense anali nalo. Ndikanena za mtima, iwo amanena za giledi ileveni. Mawu omwewo akananena munthu wovala tayi, bwenzi atamuphela nkhuku.

Kalata ya ku Chipata inali pawindo, yopsinjidwa ndi mwala wonolela mpeni. Tsiku lililonse ndinkaitchula. Adada amati tikolole kaye nshawa, mtedza wa m'munda mwathu. Nshawa zitatha amati ng'ombe ikudwala phazi. Tsiku lina masana ndikuchokela kumjigo ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, akung'amba pepala n'kupichilamo fodya wa m'munda mwawo. Ndinaona chidindo chabuluu chikupita kumilomo.

"Adada, mukusuta chiyani?"

"Pepala labwino ili, silizima."

Theka la kalata ija linali litapita kale dzulo lake. Pepala la ku labu lija analisunga m'Baibulo, lopindidwa bwino. Loti liwapulumutse ndilo anasuta. Sindinalile, sindinakuwe. Ndinatula ndowa n'kuwauza kuti akadzagwa ndidzayamba ndamanga ng'ombe kenako n'kuitana anthu. Anaseka mpaka kutsokomola.

Mvula inabwela, tinaika ng'ombe pagoli. Ine kutsogolo, iwo kupulawo. Mzele woyamba anamaliza. Wachiwili anaima pakati kuti khasu la pulawo lamasuka. Wachitatu anaima osapeza chonamizila. Anakhala pansi m'matope, thukuta lili chuchuchu kunja kukuzizila, dzanja lamanzele atalifungatila ngati lathyoka. Milomo inali yotuwa ngati phulusa.

Ng'ombe sindinamange. Ndinazisiya zikoke pulawo kulowa m'tchile, ndinathamanga kukatenga ngolo ya aneba.

Ali chigonele m'ngolomo, maso ali kumwamba, anandiitana ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo.

"Mama."

"Ine?"

"Kalata ija angalembenso?"

"Mukawauze nokha kumene inapita."

Titafika kuchipatala anawauzadi, dokotala yemwe uja, akuyang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Mayiyo sanawakalipile. Ine ndikanawakalipila. Anangolemba ina n'kuitana galimoto.

Ku Chipata makina anaonetsa kuti mbali ina ya mtima inali itavulala kale. Anatiuza kuti mnofu umenewo subwelela, chotsala n'kuteteza umene watsala. Ndinafunsa ngati zikanasintha tikanabwela nthawi ya nshawa. Dokotala wa kumeneko anati mwina.

Adada ali moyo. Amamwa mapilisi m'mawa uliwonse, fodya anasiya, kumunda amangofika kudzaloza ndi ndodo. Alendo akabwela amawauza kuti iwo munthu wochenjela, anamva okha m'thupi kuti china chalakwika n'kuthamangila ku Chipata nthawi ikadalipo. Ankhazi amavomeleza ndi mutu. Ine ndimakhala ndili kumunda, ndipo pulawo tsopano ndi yanga.